Pa Chesi Palibe Wokukakamiza Kudya

Lamulungu lapitali, titaweruka ku tchalitchi, ndinagonja pa chesi m'mphindi ziwiri zosakwana. Sindikukokomeza ayi. Mayi a kunyumba anali atangoteleka madzi a tiyi, ndipo pamene ketulo imayamba kulira, ine n'kuti atanditsiriza kalekale.

Wondigonjetsayo sindikumudziwa. Kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, kaya ali kozizira kaya kotentha, ndinangoona dzina la zilembo zosawerengeka ndi kambendera kamene sindinakaonepo zaka zonse zimene ndagwira choko. Ndi mmene zimakhalira pa intaneti. Masewera ake ndi aja othamanga amene amati bulitsi: aliyense amapatsidwa mphindi zitatu basi, wotchi ili pakona kukuwerengera, ndipo zikakuthera wagonja ngakhale unali pamwamba.

Ena mwa inu mwadabwa kale. Mukudziwa kuti ine chesi ya pa intaneti ndimasewera Loweruka lokha, ndikapalasa njinga kuchoka kuno ku Chiringa kukatumiza nkhani yanga ya m'nyuzipepala pa kafe ya intaneti ku boma. Nanga Lamulungu, pakhonde panga, ndasewera bwanji?

Apo ndiye pali nkhani. Kuli bwino ndiulule ndekha ena asanandiululire.

Milungu iwiri yapitayo kunabwera alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, atakolekera chikwama chakuda paphewa. M'chikwamamo munali laputopu, yogwirapo kale ntchito koma yabwinobwino, ndi kachipangizo kobaya pambali kuti munthu ugwire intaneti uli pakhomo pako. Anati zachokera kwa bwana amene iwo akumuyendera pa kampeni. Dzina lake akonzi a nyuzipepala sandilola kutchula, koma kuno kwathu ngakhale mbuzi zikumudziwa. Ndi uja anapatsidwa ntchito yomanga mlatho pa mtsinje wathu chisankho chathachi chili pafupi, naimika zipilala ziwiri, nazisiya zikumera ndere. Lero akufuna timutume ku Nyumba ya Malamulo.

Za mlathowu ndalemba katatu patsamba lino. Ndalemba za amayi oyembekezera amene amawoloka madzi a m'chiuno popita ku sikelo. Ndalemba za njinga za nandolo zimene zimagona tsidya mvula ikagwa ku phiri la Michesi. Ndipo ndinakulonjezani, ndi dzanja langa lomwe lino, kuti sindidzatseka pakamwa mpaka wina atiuze kumene simenti yotsalayo inalowera.

"Alamu," anatero pondipatsira chikwamacho, "bwana akuti amawerenga zimene mumalemba. Akuti munthu wanzeru ngati inu asamamwe fumbi pa njinga Loweruka lililonse. Palibe chimene akufuna ayi. Ndi mphatso chabe."

Ndinayang'ana mayi a kunyumba. Iwo anayang'ana pansi, kenako anati, "Bambo, chopatsidwa ndi manja awiri sakana. Ndiponso abweretsa ndi achimwene."

Ine ndine mkamwini. Nyumba yanga ili pa dothi la kuchikazi, ndipo alamu angawa ndiwo eni mbumba. Ndinawomba m'manja, n'kulandira. Ndisakunamizeni kuti ndinalandira monyinyirika. Mtima unali mwaa, ndipo tsiku limenelo laputopuyo ndinaipukuta ndi mpango kawiri konse.

Tsono tibwerere ku masewera aja, chifukwa ngakhale inu amene simunagwirepo chesi muwamva.

Ine ndinali ndi zakuda. Mnzangayo anakankha poni wa kutsogolo kwa mfumu yake, nanenso ndinatero. Maponi ndi tiasilikali tating'ono ta mzere wa kutsogolo, totsika mtengo kuposa zonse pa bolodi. Kenako anakankha wina n'kumuika poti ndikhoza kumudya. Ndinadya. Anakankha winanso pakamwa pa poni wanga yemweyo. Ndinadya. M'malo mobwezera, iye anangotulutsa bishopu wake, kusiya poni wachitatu ali pambalambanda. Aaa! Ndinati kodi munthuyu dzanja lamuterera? Ndinadyanso. Apo m'pamene anatola kaponi kanga kosusukako ndi bishopu wake wachiwiri.

Ndinawerenga: ine ndadya atatu, iye mmodzi. Ndinakhala bwino pampando. Ndinafuula kukhitchini kuti tiyi abwere ndi shuga wambiri, lero tapeza mwana wa sukulu.

Ndinatulutsa kwini wanga, chida chachikulu kuposa zonse, kuti akatolere zotsala. Iye anatulutsa hachi kumuopseza. Kwini anadumphira pa poni wachinayi, nadya. Iye anasuntha nsanja kumuthamangitsa, kwini n'kuthawira m'mphepete mwa bolodi. Ndiye munthu uja anachita chimene chinanditsimikizira kuti ndi wamisala: anaponya bishopu wathunthu pakhomo pa mfumu yanga. Tcheki. Bishopu waulere, wopanda womuteteza! Wotchi ikuthamanga, dzanja linapita lokha. Mfumu yanga inadya.

Hachi uja analumpha kamodzi. Phazi lina pa mfumu, phazi lina pa kwini. Mfumu ikakhala pa tcheki umayamba wapulumutsa iyo, ndiye kwini wanga anapita ndikuona ndi maso. Ndinadina pogonjera. Ndinapempha kuti tibwereze, iye anakana, n'kuzimiririka.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tiyi uja ndinamwa wozizira, ndipo mkwiyo wake ndinaukhuthulira pa nkhuku zimene zinakwera pakhonde.

Lolemba nditaweruka ku sukulu ndinapita kwa Che Jafali, atelala amene amasoka pakhonde la sitolo pamsika pathu. Ndiwo anandiphunzitsa chesi. Iwo anaiphunzira ku Joni ali mnyamata, ndipo bolodi lawo limakhala pansi pa zidutswa za nsalu, nsanja imodzi inasowa kalekale moti m'malo mwake amaikapo kabobini ka ulusi. Ndinali nditalemba mayendedwe onse kuseri kwa envulopu. Ndimafuna andiuze kuti mnzangayo anangochita mwayi.

Anasesa tebulo ndi mkono, n'kuyala bolodi, n'kuyamba kuyendetsa mbali zonse ziwiri okha.

"Apa munadyeranji, aphunzitsi?"

"Anandipatsa."

"Nanga apa?"

"Anandipatsanso."

"Apa?"

"Che Jafali, munthu akakuikira pakamwa ungatani?"

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Aphunzitsi, inu dzulo simunasewere chesi. Munasewera drafti pa bolodi la chesi."

Zinandipweteka, chifukwa zinali zoona.

Ife tonse a kuno tinakulira pa drafti. Pitani pamtengo wa mango pamene amakonza njinga, mukapeza bolodi lojambula pa katoni ndi zotsekera mabotolo, zina zovundikira zina zagada. Ndipo lamulo lalikulu la drafti mukulidziwa: mnzako akakupatsa, uyenera kudya. Palibe kukana. Ukachedwa, onse oonerera amakuwa pamodzi, "Idya! Idya!" Ukapanda kuona, mnzako amatola kanthu kako, n'kukauzira mpweya, fuu, n'kukaponya pambali, anthu n'kukuseka mpaka mawa. Ine ndinasekedwa choncho ndili mwana kokwanira, mpaka dzanja linaphunzira lokha. Ndiye pa masewera a mphindi zitatu, pamene mutu ulibe mpata woganiza, dzanja limachita chimene linakulira.

"Pa chesi lamulo limenelo palibe," anatero Che Jafali. "Palibe amene angakuuzireni mpweya chifukwa mwasiya poni. Mukhoza kumuyang'ana, n'kumudutsa."

Anabweza zida zonse pamene zinali nditangodya katatu kaja, pamene ine ndimaitanitsa shuga.

"Taonani mzere wanu wa kumbuyo. Wadzuka ndani?"

Ndinayang'ana. Mahachi anga awiri ali m'khola. Mabishopu ali m'nyumba. Nsanja zili m'makona. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anasuntha. Mbali ya mnzanga uja, mabishopu awiri atatuluka kale, onse kuloza kumene kuli mfumu yanga, njira zonse zili pululu.

"Ichi amati gambiti," anatero. "Ndi nyambo. Munthuyu sanakupatseni maponi chifukwa chokukondani. Amagula nthawi yanu. Pa chesi munthu amayenda kamodzi, mnzake kamodzi. Ulendo uliwonse umene inu munathera kutafuna, iye anathera kutulutsa asilikali. Inu mumawerenga zimene zili m'mimba, iye amawerenga amene ali pabwalo."

Ndinawerenga pa envulopu paja. Pa maulendo anga asanu ndi atatu oyambirira, asanu anali akudya. Asanu! Ngakhale pa ukwati sindidya choncho.

"Ndiye ndikanatani?"

"Njira ziwiri. Yoyamba, kukana poyambirira pomwe, n'kutulutsa anthu anu. Yachiwiri, ngati mwadya kale, bwezani." Anagwira poni wanga wapakati n'kumukankha mabokosi awiri, molunjika pakamwa pa bishopu wa mdani. "Uyu mukumupereka. Amudye. Koma taonani, njira yatseguka, hachi atuluka, bishopu atuluka, mwayamba kupuma. Ngakhale bishopu womaliza uja, mfumu ikanangosuntha osadya, mukanakhalabe pamavuto, koma osafa imfa yopusa ngati imeneyi. Kubweza kumawawa, aphunzitsi. Komanso kuli ndi nthawi yake. Mukachedwa ulendo umodzi wokha, mudzafuna kubweza wolandira palibe."

Ndinati ndamva, n'kuyamba kupinda envulopu yanga. Iwo anabwerera pa makina, n'kunyowetsa ulusi ndi malovu, n'kuyamba kusaka diso la singano. Osandiyang'ana n'komwe anati:

"Nkhani yanu ya sabata yatha ndinawerenga. Ya anyamata a kabaza osaliza belu ija. Yokoma ndithu, tinaseka pano. Koma mlatho uja watha eti?"

Abale anga, ndinachita manyazi amene sindinachitepo chikhalire.

Tsegulani nyuzipepala ya sabata yatha muone nokha. Mvula ili pafupi, mitambo yayamba kale kusonkhana pa Michesi, ino ndiyo nyengo yofunsa za mlatho. Ndinali nazo zolemba, zili m'kope mpaka lero. Ndinatsegula laputopu ija kuti ndizitaipe, zala n'kupita ku mabelu a njinga. Palibe amene anandiimbira foni. Palibe amene anandiopseza. Bwanayo sananene ndi liwu limodzi lomwe. Ndinangomva mumtima kuti aaa, sabata ino tiyeni tipumuleko, si bwino kutukwana munthu ndi makina ake omwe. Mayi anga anandiphunzitsa kuti munthu sayankhula chakudya chili m'kamwa, ndipo ine, mwana womvera, ndinakhala chete.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Timaukonda mwambi umenewu chifukwa umatilimbikitsa kuthandizana. Koma tautembenuzani muuone kuseri. Ngati wopatsa akuika, ndiye kuti tsiku lina adzabwera kudzatenga. Kodi timafunsa kuti adzatenga chiyani?

Chiyambireni ndale za zipani zambiri, nyengo ya kampeni kuno yasanduka bolodi la drafti. Galimoto likaima pabwalo, nsalu zikayamba kuuluka, mawu amene mumamva ndi omwe aja a pansi pa mango: "Idya! Idya!" Wokana timamuseka. Timati ndi wonyada, kapena ndi wa chipani china, kapena mutu wake sukoka. Ndipo tili ndi nzeru yathu imene timadzitonthoza nayo: idyani za onse, voti ndi yachinsinsi.

Nzeru imeneyi ndinkaikhulupirira. Lero ndikuti ili ndi bowo.

Inde, m'kachipinda kovotera muli nokha. Koma munthu wa gambiti sakufuna voti yokha. Akufuna ulendo wanu. Pa zaka zisanu zonse, ndi liti pamene bwana amatsika galimoto, n'kuima padzuwa pamaso panu, n'kukutchani makolo ake? Ndi nyengo ino yokha. Umenewo ndiwo ulendo wathu pa bolodi, umodzi wokhawo. Ndiye timauthera chiyani? Kulimbirana malaya. Kukankhana pa mzere wa shuga. Pamene tikumaliza kupinda nsalu, galimoto lafika kale ku Migowi, ndipo palibe amene wafunsa za zipilala ziwiri zija. Kenako timakhala zaka zisanu tikudandaulira pa maliro ndi pa chigayo, kumene iye sangatimve.

Musandimve molakwa. Sindikuloza chala mayi wamasiye amene walandira paketi ya shuga ana ake atatha mwezi osalawa tiyi. Njala si masewera, ndipo ine wa malipiro a pamwezi ndilibe nkhope yomulalikira. Ndikunena ife. Ife aphunzitsi, akulu a mpingo, a makomiti a chitukuko, ife amene anthu amatiyang'ana pa msonkhano kuti tiyambe ndife kuyankhula. Mayi uja amamuponyera poni. Ife amatiponyera bishopu wathunthu, chifukwa akudziwa kuti pakamwa pathu ndi pamene pali ngozi. Ndipo timadya msanga kuposa mayiyo.

Sindikunenanso kuti mphatso iliyonse ndi nyambo. Mnansi akakupatsa thobwa, imwa. Ukapita kwa apongozi akakuphera nkhuku, idya mpaka mafupa, usatichititse manyazi. Kalongonda timadya ndithu, koma aliyense wa kuno akudziwa kuti sadya wongophula msanga, amayamba waphikidwa tsiku lonse n'kutayidwa madzi. Funso la Che Jafali ndi losavuta: pamene ndikutafuna ichi, ndi chiyani chimene ndikulephera kuchita? Ngati yankho ndi lakuti palibe, dyani ndi mtendere. Ngati yankho likukuchititsani kuyang'ana kumbali, mwadziwa kale.

Lachitatu masana ndinauza mayi a kunyumba kuti laputopu ikubwerera kumene inachokera.

"Bambo, mukufuna kundichititsa manyazi kwathu komwe kuno?"

Ndinati manyazi alipo kale, ndawanyamula ine sabata yathunthu, ndipo alemera. Ndinawauza za mabelu a njinga. Anapitiriza kusankha nandolo m'lichero, ine n'kuyamba kulongedza ndekha. Nditafika pa njinga ndinamva akundiitana. Anatuluka ndi chingwe chotchajira, chimene ndinachiiwala kuseri kwa kabati.

"Ngati mukubweza, bwezani zonse," anatero. "Asadzanene kuti munatsala nako kanthu. Mtsinje umenewo ine ndinawoloka ndi mimba ya mwana wathu wotsiriza, inu mutandigwira dzanja. Musaganize kuti ndaiwala."

Alamu ndinawapeza akukhoma mbendera pa nsungwi. Ataona chikwama chakuda anaika hamala pansi.

"Alamu, n'chiyani ichi?"

"Mukawathokoze bwana. Makina ndi abwino kwambiri. Koma andikulira."

"Mwandivula, alamu. Ndikanena chiyani kwa bwana? Munthu wakuchitirani ulemu, inu mukumubwezera kumaso?" Mawu anakwera, anthu a pa chigayo anayamba kutembenuka. Kenako anatsitsa mawu, ndipo otsikawo ndiwo anali akuthwa. "Muzikumbuka pamene munamanga nyumba yanu."

"Ndikukumbuka, alamu," ndinatero. "Ndinamanga tsidya lino la mtsinje, limodzi ndi inu."

Kuyambira tsiku limenelo sanandipatse moni. Dimba la kudambo limene anandibwereka, m'mene ndimadzalamo mpunga, ndamva kuti chaka chino ali nalo ntchito. Zikundiwawa, sindibisa. Munthu amene tadyera mbale imodzi zaka zonsezi kundidutsa pamsewu ngati chitsa, si chinthu chopepuka. Ndipo laputopu ija ndikuisowa. Nkhani mukuwerengayi ndailemba ndi bolopeni m'kope la ana a sukulu, ndipo pofika ku boma kukaitaipa ndinali nditamwa fumbi lokwanira kuumba njerwa.

Koma ndailemba. Ndipo funso langa labwerera pamalo pake: bwana, zipilala ziwiri zija zili pa mtsinje wathu, zinzake zili kuti?

Ndamva kuti Lachisanu likudzali masana bwanayo achititsa msonkhano pabwalo la mpira kuno ku Chiringa. Kudzakhala magule, kudzakhala nsalu, malaya adzauluka kuchokera pa lole. Ine ndidzakhala kutsogolo, pamene angandione bwino, ndipo akadzangoti pali funso, kapena asadzatero, ndidzakweza mkono. Ndikudziwa kuti mkono umodzi ndi wosavuta kuulambalala. Anyamata a chipani adzakweza nyimbo, wina adzati aphunzitsi aledzera. Mikono makumi awiri sangailambalale.

Tsono inu a tsidya lino, amene mwezi wa mawa mudzakhala mukukwinya mathalauza ndi kusenza njinga pamutu pa mtsinje uja: pamene ine ndidzakweza mkono Lachisanu, manja anu adzakhala atagwira chiyani?